Za Kafunsidwe Kathu Pamene Intaneti Yaleka M'nyumba

Masiku ano nyumba zambiri za m'midzi yathu zalandira mlendo amene makolo athu sanamdziwe, ndiye intaneti. Kwa ena mlendoyu alowa ndi lamya ya m'manja yokha. Kwa ena, makamaka aphunzitsi, anamwino ndi eni ace a magolosale, alowa ndi kabokosi kaja kochedwa rauta, kamene kakhala pazenera kapena pamwamba pa kabati, tinyali tace tiri phethiphethi usiku wonse. Mlendoyu ali nalo khalidwe limodzi loipa, ndilo lakuti acoka osatsazika. Ndipo akacoka, mwini nyumba atenga lamya nalembera mphwace wa ku Lilongwe, kapena mwana wace wa ku Johannesburg, kapena anchito a kampani imene anagulako simukhadi, mau atatu okha akuti, "Intaneti yafa, thandizeni." Mau atatu amenewa ndiwo tifuna kuwazenga mlandu mwezi uno, pamodzi ndi anthu ena amene analemba malangizo a kafunsidwe kabwino.

Wina anganene kuti nkhani iyi njacabe, yosayenera kudya malo m'tsamba lino. Ife sitiganiza comweco. Bandulo ya sabata itha pa tsiku lace, kaya mwaigwiritsa nchito kaya simunaigwiritse, ndipo ndarama imene inagula bandulo ija inacokera ku mtedza kapena ku nkhuku. Mwana amene ayenera kutumiza makalata ace ofunsira malo ku sukulu ya ukacenjede, palibe amene adzamdikira cifukwa cakuti kwao netiweki inabvuta. Funso losamveka libala funso lina, ndipo linalo libalanso lina; wothandizayo ali pa nchito, ayankha madzulo; wofunsa ali kumunda, aona yankho m'mawa mwace; cotero cinthu coyenera kutha pa mphindi khumi cidya masiku atatu. Akuru anati safunsa anadya phula, koma sananene za iye amene afunsa mosamveka. Nayenso adya phula lomwelo, angocedwa pang'ono.

Za kafunsidwe aka analembapo anthu a ku maiko akutali. M'caka ca 2001 Eric Raymond wa ku America, pamodzi ndi mnzace Rick Moen, anafalitsa malangizo aatali m'Cingerezi, dzina lace How To Ask Questions The Smart Way, ndiko kunena kuti kufunsa mafunso mwanzeru. Zaka ziwiri m'mbuyo mwace, mu 1999, Simon Tatham wa ku Britain, amene anapanga pulogaramu yochedwa PuTTY, analemba malangizo ena aafupipo a momwe munthu angafotokozere colakwa cimene wacipeza m'pulogaramu ya kompyuta. Zolemba ziwirizi zinamasuliridwa m'zinenero zambiri, ndipo akatswiri a makina akatopa ndi mafunso osamveka atumiza wofunsayo kuti akaziwerenge. Tiyenera kunena poyamba kuti amuna awa sanali kulemba za rauta ya m'nyumba ya malata. Anali kulemba za mapulogaramu, ndipo Raymond ndi Moen makamaka anali kunena za akatswiri amene athandiza anzao kwaulere pa nthawi yao yopuma. Komabe zambiri za mau ao zikhudza bvuto lathu, ndipo nkoyenera kuwapeta monga amai apeta cimanga cokonola, kuti tione mphale ndi gaga.

Mphale yoyamba ndi iyi, ndipo zolemba zonse ziwiri zigwirizana pa iyo: wofunsa anene cimene waciona ndi maso, asanene cimene angoganiza. Tatham afanizira ndi wodwala pamaso pa dotolo, ndipo fanizo ili tonse tilidziwa. Munthu akafika ku cipatala nati, "Ndiri ndi malungo, ndipatseni mankhwala ace," dotolo wanzeru sathamangira botolo. Afunsa kuti thupi linayamba liti kutentha, ngati mutu uwawa, ngati wasanza, ndipo pambuyo pace abaya cala kuti ayese magazi, pakuti kutentha kwa thupi kuli nao amai ambiri. Momwemonso wolemba kuti "rauta yaonongeka," kapena "a kampani atibera," kapena "ana alowetsa kacirombo m'lamya," wadziika yekha pa mpando wa dotolo, ndipo womthandiza akamkhulupirira adzataya tsiku lonse kulondola mapazi a nyama imene sinapite pamenepo.

Kuti timvetse kulemera kwa langizo ili tiyenera kudziwa njira imene uthenga uyendamo. Ucoka m'lamya kapena m'kompyuta nudumpha m'mlengalenga kufika ku rauta. Kudumpha kumeneku ndiko kochedwa Wi-Fi, ndipo mphamvu yace ithera pafupi, makoma a njerwa ndi malata aichinga. Kucokera ku rauta upita ku nsanja ya kampani, monga ya Airtel kapena ya TNM, imene tiiona paphiri kapena pamsika. M'mizinda ena alandira ndi cingwe cofika m'nyumba, ndipo kuyambira 2023 alipo ena amene ali ndi mbale ya Starlink yoyang'ana kumwamba. Kucokera ku nsanja uthenga upita ku makina akuru a kampaniyo. Ndipo popeza dziko la Malawi liribe gombe la nyanja yamcere, uyenera kudutsa m'maiko a anansi athu, monga Tanzania ndi Mozambique, kuti ukalowe m'zingwe zogona pansi pa nyanja. Ulendo wonsewu uli ngati unyolo, ndipo mphete iri yonse ingathe kuduka. Pa 12 May 2024 zingwe ziwiri za pansi pa nyanja, EASSy ndi SEACOM, zinaduka kufupi ndi gombe la South Africa, ndipo anthu a ku Tanzania, Kenya, Uganda, Mozambique ndi kuno kwathu anaona intaneti iyenda ngati nkhono, pena kuleka kumene. Masiku amenewo rauta ya m'mudzi inalibe mlandu, ndipo amene anayamba wafunsa mnansi wace kuti, "Kodi kwanu ikugwira?" anadziwa msanga kuti mdani sali m'nyumba mwace. Munthu wongonena kuti intaneti yafa afanana ndi mthenga wofika kwa mfumu ali wefuwefu, nati kwagwa zobvuta, osachula mudzi.

Tsono mafunso amene adula unyolo uwu pakati ngowerengeka, ndipo mwini nyumba angathe kudziyankha yekha asanalembe kanthu. Kodi zaleka lamya zonse za m'nyumba, kapena imodzi yokha? Ikakhala imodzi, mlandu uli pa lamya imeneyo. Kodi zikana mukakhala kucipinda, nizigwira mukayandikira kabokosi? Pamenepo mdani ndi khoma. Kodi zatsekeka zonse, kapena WhatsApp igwira pamene zina zakana? Ici cicitika kawiri kawiri, pakuti makampani agulitsa mabandulo ena otsika mtengo amene atsegula WhatsApp kapena Facebook yokha, ndipo wogula yotere angayese kuti makina ace afa, pamene iye anagula khasu nafuna kudula nalo mtengo. Kodi cibvuta usana wonse, kapena madzulo okha, pamene mudzi wonse wabwerako kumunda nuunjikana pa nsanja imodzi monga amai pamjigo? Kodi cinayamba magetsi atazima? Nsanja nayonso idya magetsi, ndipo mabatire ace akatha ingokhala duu ngati mtengo wouma. Pali cinthu cimodzi cimene cinyenga ambiri, ngakhale ophunzira: timizere tija ta Wi-Fi pamwamba pa lamya tingathe kudzaza tonse pamene intaneti kulibe, cifukwa tingonena kuti lamya ndi rauta zikumvana, sitinena kuti rauta ikumvana ndi dziko lakunja. Mpopi ungakhale wabwino ndithu, m'thanki mulibe madzi.

Mphale yaciwiri ndi yakuti zinthu zifotokozedwe monga zinatsatirana. Ici si cacilendo kwa ife. Pabwalo la milandu wodandaula akayamba pakati, nadumphira kumapeto, nabwereranso kwa agogo ace, nyakwawa zimdula mau ndi kumuuza kuti ayambe poyambira. Coyamba cinali ciani, munacitapo ciani, cinatsatapo nciani. Ndipo koposa zonse, cinasintha nciani zisanabvute. Ici anthu abisa cifukwa ca manyazi. Mdzukulu anaseweretsa kabokosi. Simukhadi inacotsedwa nibwerekedwa kwa mlendo. Kunagwa mvula ya mphezi. Rauta inacotsedwa pazenera niikidwa m'kabati poopa akuba. Wothandiza ali kutali, alibe maso m'nyumba mwanu, ndipo cimene simunamuuze kwa iye sicinacitike.

Pa mfundo iyi Tatham ali ndi fanizo lina limene tilikonda. Alangiza kuti cinthu cikalakwika munthu akhale ngati gwape amene aima nji akamva mtswatswa, asakhale ngati msulu amene alumphira mdani wace. Kumbuyo kwa marauta ambiri kuli kabowo kakang'ono, ndipo munthu akalowetsamo singano nakanikiza kanthawi, makina aiwala zonse zimene anauzidwa, dzina la Wi-Fi ndi mau acinsinsi omwe, nabwerera monga anacokera kwa owapanga. Kuzima rauta, kudikira pang'ono ndi kuiyatsanso ndi mankhwala abwino osapweteka, ndipo kawiri kawiri aciza. Koma kubaya kabowo kaja ndi nkhani yina, ndipo wocita ici nabisa asokeretsa womthandiza monga wodwala wobisa kuti anayamba wamwa zitsamba.

Raymond ndi Moen aonjezapo kuti wofunsa achule cimene afuna kufikako, asangochula njira imene wadzisankhira. Munthu afunsa kuti angamange bwanji waya ku rauta kuti ikoke mphamvu, pamene cimene afuna ndi kuti Wi-Fi ifike kucipinda cogona. Akananena ici, akanauzidwa kuti angosuntha kabokosi nakaike pamalo oonekera. Wina afunsa za bandulo yaikuru, osanena kuti yaing'ono ikutha usiku iye ali m'tulo. Ndipo wakuba wace ndi lamya yomweyo, imene idzikonzera yokha mapulogaramu ace ndi kutumiza zithunzi kosungira popanda womuuza.

Kufikira pano tayamika. Koma m'malangizo a Raymond ndi Moen muli gaga, ndipo si wocepa. Mzimu wace ndi wa munthu wokhuta polankhula ndi wanjala. Alemba poyera kuti akatswiri alibe nthawi ya anthu osafuna kudzithandiza okha, nawacha maina onyoza. Ndipo auza wofunsa kuti akalandira yankho laukali lomtumiza kukawerenga yekha buku asakwiye, koma makamaka athokoze kuti sanangomleka osamyankha. Nzoona kuti cakumapeto aikako kacigawo kodandaulira oyankha kuti akhale ofatsa, ndipo ici tiwawerengera. Koma kacigawoko kali ngati ndiwo za m'kambale pambali pa nsima ya anthu khumi. Ife tikana kuti kusadziwa kufunsa ndi ulesi. Munthu amene sanaonepo m'kati mwa njinga sangadziwe kuti cimene cikulira ndi ceni kapena mabelingi, ndipo wokonza njinga wabwino samthamangitsa. Amfunsa kuti cilira popalasa kapena potsetsereka. Kufunsa bwino kuphunziridwa, ndipo mphunzitsi wace ndi yemweyo woyankha. Mwana wa m'tauni amene ayankha amace mwamwano cifukwa sadziwa dzina la kanyali, aiwala amene anamphunzitsa dzina la supuni.

Alamulanso kuti munthu asanafunse ayambe wafufuza yekha pa intaneti ndi kuwerenga buku la makinawo. Kwa wophunzira wa ku America amene ali ndi njira zina zofikira pa intaneti langizo ili nlabwino. Koma kwa mai wa ku Dowa amene cafa ndico intaneti yomweyo, ndipo kabuku ka rauta kanalembedwa m'Cingerezi ca timalemba tating'ono ngati nyerere, ndiko kuuza munthu wothyoka mwendo kuti athamangire ku cipatala. Ndiponso kufufuza kudya bandulo, ndipo kuyesa liwiro la intaneti, kumene akatswiri akonda kulamula, kudya bandulo koposa. Cimene tingatengepo ndi cocepa, koma ncokwanira: maso ndi cala. Wosadziwa maina a Cingerezi asadzibvute nao, pakuti dzina lochulidwa molakwa lisokeretsa koposa kusachula. Kunena kuti kanyali kacitatu kucokera kumanzere kasanduka kofiira ndiwo umboni weniweni. Ndipo makina akalemba mau ao pa galasi, mauwo akopedwe monga ali, kapena ajambulidwe cithunzi, pakuti wongoti "yalemba zinazace za Cingerezi" wataya kalata imene makinawo analembera dotolo wao.

Pali nkhani ya moni, imene olemba awa sakanaidziwa monga tiidziwa ife. Iwo anena kuti ulemu suononga kanthu, koma auika pambuyo pa kumveka kwa funso. Kwathu kuno munthu safika pakhomo nayamba ndi cosowa cace. Aodira, akhala pansi, afunsa za moyo wa ana ndi za mvula, ndipo pamenepo achula cimene wadzera. Mwambo uwu sitiutaya, ndipo sitifuna kuti intaneti itiphunzitse cipongwe. Koma mwambowu unapangidwira anthu okhala pa mphasa imodzi. Pa lamya tiona munthu alemba "Moni acimwene" nadikira. Yankho lidza masana. Alemba "Muli bwanji" nadikiranso. Ndipo dzuwa lilowa nkhani isanachulidwe. Makolo athu polembera abale ao a ku Joni ndi ku Halale sanatero. Podziwa kuti kalata iyenda masabata, anaika moni, za moyo, za maliro ndi za ndarama ya msonkho m'kalata imodzi, ndipo palibe anawayesa amwano.

Cinanso cimene owerenga ayenera kusiyanitsa ndi ici. Raymond ndi Moen analembera anthu opempha thandizo kwa akatswiri osalipidwa, ndipo kumeneko nkoyenera kukumbukira kuti wothandiza akupatsani nthawi yace monga mphatso; comweco ndi mphwanu wa ku Lilongwe. Koma polankhula ndi anchito a kampani imene munaipatsa ndarama simuli wopemphetsa. Iwo alipidwa kuti akumvereni, ngakhale mufotokoze mokhotakhota, ndipo ndi nchito yao kukufunsani mafunso oyenera. Kufotokoza bwino kumeneko ndi cida ca mwini ndarama: wochula tsiku limene anagula bandulo, mtengo wace, uthenga umene analandira, ndi ora limene zinaleka, sabwezedwa msanga ndi mau akuti yesaninso mawa. Ndipo akalemba masiku amene anadandaula ndi mayankho amene anapatsidwa, ali naco conyamula popita ku MACRA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 kuti liyang'anire makampani a lamya, limenenso lilandira madandaulo a anthu amene kampani yalephera kuwathandiza.

Tsono pali malire a kufotokoza, ndipo apa malangizo a 2001 sangatitsogolere, pakuti analembedwa ndarama zisanayambe kukhala m'lamya zathu. Airtel Money inafika kuno mu 2012, ndipo Mpamba ya TNM mu 2013. Lero simukhadi yomweyo imene ipatsa intaneti ingakhalenso cikwama. Akuba adziwa kuti munthu wobvutika amvera ali yense womlonjeza thandizo, ndipo aimba lamya nadzicha anchito a kampani. Wothandiza woona afunsa za tinyali, za nthawi, za mtundu wa rauta. Safunsa nambala yacinsinsi ya ndarama, kapena manambala aja amene abwera pa uthenga kuti atsegule cinthu kamodzi. Ngakhale pojambula rauta pafunika maso, cifukwa kapepala komatidwa pansi pace kawiri kawiri kali ndi mau acinsinsi a Wi-Fi. Kutumiza cithunzi cace kwa mphwanu si kanthu, koma kuciika pamaso pa khamu la alendo ndiko kupacika kiyi pacitseko.

Langizo limodzi la Raymond ndi Moen limene anthu athu alinyalanyaza koposa ndi lakuti zinthu zikakonzeka wofunsa abwerere kukanena cimene cinathandiza. Ife tidziwa kuti wocira abwerera kwa sing'anga, koma pa lamya tingoti zii, ndipo wothandiza sadziwa ngati mankhwala ace anagwira kuti akapatsenso wina.

Tiyese tsono kulemba kalata ija ya mau atatu mwa njira yina. "Moni acimwene, kuno tiri bwino, kaya inu ndi alamu ndi ana. Rauta yathu yaleka kuyambira Laciwiri madzulo, magetsi atangobwera. Lamya zonse zitatu zikuonetsa Wi-Fi yodzaza koma palibe cotseguka, ngakhale WhatsApp. Kanyali kacitatu, kamene kamakhala kobiriwira, tsopano nkofiira. Cithunzi cace ndi ici. Bandulo ya mwezi tinagula Loweruka, ndipo simukhadi titaiika m'lamya ikugwira bwino, ndiyo ndikukulemberani nayoyi. Tazima ndi kuyatsa kawiri. Kabowo kaja sitinakakhudze. Kwa aphunzitsi, amene ali ndi kampani yomweyi, ikugwira. Mwana afunika kutumiza makalata ace a sukulu Lacisanu lisanafike." Wolandira kalata iyi, ngakhale aiwerenge ali m'minibasi, aona pomwepo kuti nsanja iri moyo, bandulo iripo, simukhadi njabwino, ndipo khoma liribe mlandu, catsala ndi kabokosi komweko, kapena malo ace olowetsamo simukhadi, kapena cingwe cace ca magetsi cimene cingakhale cinapwetekedwa pobwera magetsi. Ndipo popeza mlongo wace wachula za Lacisanu, adzamuuza kuti simukhadi aisiye m'lamya momwemo, atsegule Wi-Fi ya lamyayo kuti igawire kompyuta ya mwana, makalata apite usiku womwewo. Za rauta adzaziona pobwera kumudzi pa mapeto a mwezi.